Kongoletsani Chikwati Chanu ndi Mitsuko Imene Ili Kale M'nyumba

 

Phunziro lathu lero likukhudza chikwati. Ndi la achinyamata amene ali pa chitomero, la makolo, la ankhoswe ndi alangizi, ndiponso la inu amene munangoona kuti mwaikidwa mu gulu la WhatsApp la komiti ya chikwati musanafunsidwe n'komwe. Ngati munamanga kale banja, musalumphe uthengawu. Mawa ndi mwana wanu kapena mng'ono wanu amene adzabwera kudzapempha nzeru.

Tsegulani Baibulo pa Yohane 2:1-11, muwerenge kaye, ndiye mubwerere kuno.

*Zimene zinachitika ku Kana*

Pakati pa Aisraeli, phwando la chikwati linkatha kufika masiku 7, monga timaonera pa Genesis 29:27 ndi pa Oweruza 14:12. Vinyo kutha pakati pa phwando anali manyazi aakulu kwa banja la mkwati. Kuli ngati kwathu kuno nsima itatha theka la alendo lisanasambe m'manja.

Manje onani zimene Yesu anachita. Sanatume munthu kumsika, ndipo sanaitanitse chopereka cha mwadzidzidzi. Pamalopo panali mitsuko 6 ya mwala, yosungiramo madzi a mwambo wa Ayuda wa kudziyeretsa. Uliwonse unkalowa malita pafupifupi 80 mpaka 120. Mukaphatikiza yonse, ndi madzi odzaza madiramu awiri kapena atatu, aja timatungiramo ku komboni. Zinali ziwiya wamba za pakhomo, zimene anthu ankangozidutsa. Yesu anauza antchito kuti azidzaze ndi madzi, iwo anadzaza mpaka m'milomo, ndipo m'menemo munatuluka vinyo amene anadabwitsa mkulu wa phwando.

Yohane sanalembe dzina la mkwati kapena la mkwatibwi. Sanalembe za diresi kapena kuchuluka kwa alendo. Koma patha zaka pafupifupi 2,000 tikukambabe za chikwati chimenecho, chifukwa cha zimene Yesu anachita ndi zinthu zimene zinali kale m'nyumba. Mfundo ya sabata ino ndi yomweyo: chimene chidzapangitsa chikwati chanu kukhala chanuchanu, chosaiwalika, Mulungu anakupatsani kale. Nchito yanu ndi kuchiona ndi kuchiika m'manja mwa Yesu.

*Zovala za Sauli ndi kaloba*

Tikambe zoona, masiku ano chikwati chalemera. Pali nsalamu ndi malowolo, chilanga mulilo, kitchen party, tsiku lenileni la chikwati, ndipo ena awonjezerapo kujambulitsa zithunzi chikwati chisanafike. Chochitika chilichonse chifuna chitenge chake, keke yake ndi holo yake. Ukatsegula Facebook kapena TikTok, uona maluwa olendewera kudenga ndi magalimoto ondondozana, mtima n'kuyamba kunena kuti nanenso.

Pa 1 Samueli 17:38-40, mfumu Sauli inaveka Davide zovala zake za nkhondo. Zinali zabwino ndithu, za mfumu. Davide anaziyesa n'kuzivula chifukwa sanazizolowere, natenga ndodo yake, choponyera miyala chake ndi miyala 5 ya mumtsinje. Chikwati chimene munaona pa foni chingakhale chokongola, koma chinasokedwa pa thumba la munthu wina. Mukachivala, mudzalephera kuyenda nacho.

Tiyerekeze kuti mwatenga kaloba ya K10,000 pa chiwongoladzanja cha 30 pa 100 mwezi uliwonse, ndipo mukalephera kubweza chiwongoladzanjacho chimaberekanso. Mwezi woyamba nkhongole yafika K13,000. Wachiwiri K16,900. Wachitatu K21,970. Keke inadyedwa kalekale, alendo anabwerera kwawo, koma munthu wa kaloba ali pa chitseko, ndipo mkangano woyamba wa banja latsopano ndi wa ndalama. Miyambo 22:7 imachenjeza kuti nkhongole imaika munthu pansi pa ulamuliro wa amene anamubwereka. Mkazi wamasiye wa pa 2 Mafumu 4:1-7 anatsala pang'ono kulandidwa ana ake awiri chifukwa cha nkhongole, ndipo chipulumutso chake chinayambira pa kamtsuko ka mafuta kamene kanali kale m'nyumba mwake.

Choncho musanasankhe mtundu wa maluwa, khalani pansi awiri inu ndi kope ndi bolopeni, monga Yesu analangizira womanga nsanja pa Luka 14:28-30. Bajeti imangidwe pa ndalama imene muli nayo m'manja ndi imene mudzalandira ku chilimba. Malonjezo a pa komiti muwaike pambali, chifukwa lonjezo silinakhale ndalama mpaka uthenga wa mobile money utalira pa foni. Patulani choyamba ndalama ya renti ndi chakudya cha mwezi woyamba wa banja. Yotsalayo ndiyo ya phwando. Ndipo a komiti, musachititse manyazi m'bale amene wapereka K50. Mwina ndiyo inali ya ndiwo za ana ake.

Wina anena kuti, “Abusa, ndiye chikwati changa chikhale chosakoma?” Iyayi! Tiyeni tione mitsuko 6 imene ili kale m'nyumba mwanu.

*Mtsuko woyamba: umboni wanu*

Holo, ma decor ndi DJ aliyense angabwereke. Nkhani ya mmene Mulungu anakufikitsirani pa tsikuli ndi yanu chabe. Ikani mphindi 5 mu pulogalamu zoti muchitire umboni: mmene munadziwirana, nchito imene inabwera mutasala kudya, makolo amene poyamba anakana koma Ambuye anafewetsa mitima yawo. Lembani mawuwo pa pepala kuti musatalikitse kapena kuulula zinsinsi za m'banja.

Sankhani vesi limodzi limene linakunyamulani pa nthawi ya chitomero. Liikeni pa khadi, ndipo pemphani abusa kuti alalikire kuchokera pamenepo. Khalani ndi a praise team mwezi usanakwane, muwauze nyimbo imene munkaimba pamene zinthu zinali zolimba. Ngati mufuna kuwonjezera mawu anuanu pa malumbiro a mpingo, onetsani abusa choyamba, ndipo lonjezani zimene mungakwanitse.

Kumbukirani kuti tsikulo m'tchalitchi mudzakhala amalume ndi anzanu a kunchito amene chaka chonse salowa m'nyumba ya Mulungu. Ku Kana ophunzira anakhulupirira Yesu pa phwando la chikwati. Umboni wanu ungabweretse munthu kwa Ambuye.

*Mtsuko wachiwiri: anthu amene anakulerani*

Rebeka ponyamuka kupita kwa Isake, abale ake anamudalitsa, ndipo anapita pamodzi ndi mayi amene anamulera kuyambira ali khanda. Werengani Genesis 24:59-60. Dzina la mlezi ameneyo, Debora, lalembedwa pa Genesis 35:8. Mulungu sanamuiwale. Nanga ife tiiwalirenji athu?

Ambiri a ife tinaleredwa ndi ambuya, azakhali kapena achemwali aakulu amene anasiya sukulu kuti ife tiphunzire. Apatseni mpando wa kutsogolo. Aitaneni ndi dzina, muwagwadire, muwafunditse bulangeti kapena chitenge pamaso pa anthu. Ngati atate anatisiya, amalume amene analipira mafizi ndiwo aperekeze mkwatibwi ku guwa. Kwa makolo amene anamwalira, imani mphindi imodzi kuyamika Mulungu chifukwa cha moyo wawo. Sitilankhula ndi akufa. Tikuthokoza Iye amene anatipatsa iwo.

Ambuya akalephera ulendo wochokera ku Lundazi kapena ku Petauke chifukwa cha miyendo, tumani mdzukulu akawajambule pa foni akupereka dalitso, ndiye muonetse ku phwando. Kwa abale a ku Johannesburg kapena ku London, sankhani wachinyamata mmodzi, mum'gulire bandulo, nchito yake ikhale kuonetsa mwambo wonse pa foni. Khadi ya pa WhatsApp ndi yabwino kwa anzanu ndipo ipulumutsa ndalama, koma akuluakulu a banja apitireni ndi miyendo. Munthu wamkulu saitanidwa ndi status.

Pomaliza mwambo, itanani mabanja awiri kapena atatu amene akhala m'chikwati zaka 30 kapena 40 kuti akusanjikeni manja, monga akulu a ku Betelehemu anadalitsira Boazi pa chipata mu Rute 4:11-12.

*Mtsuko wachitatu: chilankhulo cha kwanu*

Muno mu Zambia tikwatirana mitundu yosiyanasiyana. Mnyamata wa ku Katete apeza mbeta ya ku Mongu, mtsikana wa ku Chipata akwatiwa ku Kasama. Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale timazimva pa wailesi tsiku ndi tsiku, nanga bwanji pa chikwati timangogwiritsa Chizungu chimene ambuya sakumva?

Lemba liwerengedwe m'chilankhulo cha mkwati ndi cha mkwatibwi, ndi ana awiri a m'mabanjawo. Kwaya iphunzire nyimbo imodzi ya mbali iliyonse. Mkwati aphunzire kupereka moni ndi kuthokoza apongozi m'chilankhulo chawo. Olo lilime lipunthwe, apongozi adzaseka ndi chimwemwe ndipo sadzaiwala. Pa tsiku la Pentekoste, mu Machitidwe 2, Mzimu Woyera anafikira munthu aliyense m'chilankhulo chobadwa nacho. Zimenezi sizifuna ngwee imodzi.

Ngati pakumana Abemba ndi a kum'mawa, chimbuya chidzakhalapo, ndipo chimakometsa phwando. Koma khalani pansi ndi MC tsiku lisanafike, mumuuze malire. Nthabwala za m'chipinda chogona, zonyoza thupi la mkwatibwi kapena umphawi wa banja lina zilibe malo pa chikwati cha ana a Mulungu.

*Mtsuko wachinayi: manja a mu mpingo*

Pa Eksodo 31:1-6, Mulungu anadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake kuti agwire nchito ya manja pa chihema, nam'patsa Oholiabu womuthandiza. Pa Eksodo 35:25-26, azimayi aluso anapota ulusi ndi manja awo. Luso la kusoka, kuphika ndi kukongoletsa ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ndipo mphatso zimenezi zakhala pa benchi imodzi ndi inu Sande iliyonse.

Funsani mu cell yanu. Mudzapeza telala, mayi wophika makeke, mnyamata wodziwa kamera ndi mlongo woluka tsitsi. Gulani chitenge ku Kamwala kapena pa msika wa kufupi ndi kwanu, a line-up asokeredwe zovala zimene adzavalanso ku tchalitchi chikwati chitapita. Ndipo line-up ya anthu 6 ivina bwino chimodzimodzi ndi ya anthu 20. Dulani kansalu ka chitenge chakale cha amayi anu, mumange nako maluwa a mkwatibwi kapena mukasokere mkati mwa jekete ya mkwati. Pa matebulo mungayale timizere ta chitenge, n'kuikapo mabotolo otsuka bwino okhala ndi maluwa a pa yadi. Nsengwa ndi malichero zingalandirire mphatso.

Chenjezo limodzi: m'bale wa mu mpingo si wantchito waulere. Gwirizanani mtengo poyamba, mulembe, mulipire pa nthawi yake. Akafuna kukuchotserani, achite yekha mwa chikondi. Mawu akuti “Ambuye akudalitseni” sagula ulusi, ndipo 1 Timoteo 5:18 amatikumbutsa kuti amene wagwira nchito alipidwe.

*Mtsuko wachisanu: mphika wa kwanu*

Chilanga mulilo chinachokera kwa abale athu Abemba: banja la mkazi limaphikira mkamwini kuti adziwe zakudya za kwawo ndi kuti walandiridwa pa moto wa banjalo. Cholinga chake ndi kulandira munthu. Tikachisandutsa mpikisano wa kuchuluka kwa mapoto, tataya mutu wake.

Mtima womwewo wolandira ufike ku phwando. Ikani pa tebulo chakudya chimene chimanena kumene muchokera: nkhuku ya kumudzi, mpunga wa ku Chama, chiwawa chotendera, chikanda, kapenta, thobwa kapena munkoyo. Alendo ambiri adya kale saladi ndi chips pa vikwati vambiri, koma ndiwo zotendera za azakhali adzazikamba mpaka Khisimasi. Nyemba, nshawa ndi chimanga gulani nthawi yokolola mitengo ikatsika. Ngati pali malo kuseli kwa nyumba, nkhuku za broiler zimakula m'masabata pafupifupi 6. Werengani masiku chobwerera m'mbuyo, muwete zanu. Keke ikhale yaing'ono yoti mudule, ana alandire vitumbuwa.

Ndipo siyani tebulo limodzi la Yesu. Pa Luka 14:12-14 Iye anaphunzitsa kuti pokonza phwando tiziitana anthu amene sangatibwezere. Itanani amasiye a mu mpingo, okalamba ndi olumala, muwakhazike pabwino, adye poyamba. Banja loyamba ndi kupatsa layamba pa maziko abwino.

*Mtsuko wachisanu ndi chimodzi: chikumbutso chokhalitsa*

Aisraeli atawoloka Yordano, Yoswa anaimika miyala 12 ku Giligala kuti ana akadzafunsa tanthauzo lake, makolo adzafotokoze zimene Yehova anachita. Nkhaniyi ili mu Yoswa 4. Mabaluni aphulika tsiku lomwelo. Kodi n'chiyani chidzatsala choti ana anu adzafunse?

Gulani Baibulo la banja, muliike pa khomo la holo ndi bolopeni, alendo alembe mayina awo pa masamba a kumapeto ndi vesi limene akukupatsani. Tengani zingwe zitatu za mitundu yosiyana, chimodzi cha mkwati, china cha mkwatibwi, chachitatu choimira Khristu, muziluke pamodzi pa guwa abusa akufotokoza Mlaliki 4:12, ndiye mukazipachike m'chipinda mwanu. Bzalani mtengo wa mango kapena wa kotapela sabata ya chikwati. Ngati muli pa renti, bzalani kwa makolo kapena pemphani malo pa yadi ya tchalitchi. Aliyense alembere mnzake kalata, muzipereke kwa ankhoswe, mudzatsegule chaka chikakwana. Tsiku limene mudzayambana, pakuti lidzafika, zinthu zimenezi zidzakukumbutsani pangano.

*Izi musaiwale*

Lamulo. Chikwati cholembetsa pansi pa Marriage Act chimafuna kuti mupereke chidziwitso kwa wolembetsa vikwati ku khonsolo, ndipo chidziwitsocho chimakhala masiku 21 musanalandire chilolezo. Womangitsa akhale m'busa wovomerezeka ndi boma, pakhale mboni zosachepera ziwiri. Bwerani ku ofesi ya mpingo msanga, musanasindikize deti pa khadi, kuti uphungu wa chikwati ndi mapepala ziyendere pamodzi.

Nyengo. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, choncho phwando la panja lifuna tenti. Juni ndi Julayi kumazizira madzulo, ganizirani okalamba. Ogasiti ndi wa mphepo ndi fumbi, Okutobala ndi wa dzuwa loswa mtengo, madzi akumwa achuluke. Funsaninso za jenereta, magetsi angazime pakati pa malumbiro.

Nthawi. Khadi ikanena 10 hrs, mkwatibwi asafike 13 hrs. Kusunga nthawi ndi ulemu kwa alendo ndi kwa Mulungu, ndipo sikulipiridwa.

Mgwirizano. Chikwati chimamanga mabanja awiri. Maganizo onsewa apitire kwa makolo kudzera mwa ankhoswe, asadzidzimuke nawo pa tsikulo. Pamene mwasiyana maganizo, mverani mwaulemu, fotokozani bajeti yanu poyera, ndipo pempherani pamodzi. Mariya anauza antchito a ku Kana kuti amvere Yesu pa chilichonse. Chozizwitsa chinadutsira pa kumvera kwawo.

*Mafunso a mu cell sabata ino*

1. Pa vikwati vonse vimene munapitako, n'chiyani chimene mukumbukira mpaka lero? Kodi chinali chodula?
2. Ndi mtsuko uti pa 6 imeneyi umene banja lanu lili nawo koma simunauone?
3. Kodi cell yathu ingathandize bwanji awiri amene akukonzekera chikwati kuti asalowe mu kaloba?
4. Makolo, kodi zimene tikupempha kwa ana athu pa malowolo ndi maphwando zikuwamanga kapena zikuwachedwetsa kulowa m'banja loyera?

*Tipemphere*

Atate wathu wakumwamba, tikuyamikani chifukwa banja munaliyambitsa ndinu. Ambuye Yesu, tikukuitanani pa chikwati chilichonse cha mu mpingo uno monga anakuitanirani ku Kana. Tsegulani maso a ana anu aone zimene munawapatsa kale. Mzimu Woyera, patsani nzeru ndi luso kwa onse okonzekera. Timasuleni ku mzimu wa mpikisano ndi ku goli la nkhongole. Amene akudikira bwenzi la moyo, alimbitseni mtima. Mabanja amene vinyo wa chikondi watha, adzazeninso. M'dzina lamphamvu la Yesu Khristu, Amen.

*Lengezani mokweza*

Banja langa lidzayamba mu mtendere, lopanda kaloba. Sindidzavala zovala za Sauli. Zimene Mulungu waika m'nyumba mwanga ndi zokwanira m'manja mwa Yesu, ndipo chikwati changa chidzalemekeza Iye. Amen!

Ngati phunziroli lakuthandizani, yankhani “Amen” ndipo litumizeni kwa wina amene akukonzekera chikwati, makamaka kwa tcheyamani wa komiti. Amene muli pa chitomero, khalani pansi awiri sabata ino, mulembe mitsuko yanu 6, mubwere nayo kwa abusa Sande tikatha mapemphero.